CUMA CA PA PEPALA NDI UMOYO WA ANTHU A KU CHAISA

M'MWEZI wa July caka ca 2022, banki yaikuru ya World Bank inacotsa dziko la Zambia m'gulu la maiko a cuma capakati ndi kuliika m'gulu la maiko osauka. Patangopita caka cimodzi, mu July 2023, banki yomweyo inalibwezeranso m'gulu lapakati lija, limene Zambia analowamo poyamba m'caka ca 2011. Nkhani ziwirizi zinalengezedwa pa wailesi, zinalembedwa m'manyuzipepala, ndipo andale a mbali zonse anazigwiritsa nchito, ena podzudzula, ena podzitamanda.

Koma ku Chaisa, komboni imene iri kumpoto kwa mzinda wa Lusaka pafupi ndi mseu wa Great North, kunja kunaca monga mwa masiku onse. Amai analawirira ndi zigubu kukaima pa mzere wa madzi, anyamata anakankha mawilibala kulowera ku misika ya m'tauni, ndipo eni nyumba anagogoda pa zitseko kufuna ndalama za lendi. Palibe banja limene linaona pa mbale yace ya nsima kuti dziko latsika kapena lakwera.

Pamenepa pali funso limene liyenera kuyankhidwa mosabisa: kodi ciwerengero ca cuma ca munthu mmodzi, cimene maiko ndi zigawo amayesedwa naco, cimanena zoona zotani za umoyo wa anthu a malo ena ace? Yankho lace nlakuti ciwerengeroci cimaonetsa bwino kumene cuma cipangidwira, koma sicionetsa kumene cuma cigona.

CIWERENGEROCI NCIANI?

Akatswiri a za cuma amaonkhetsa mtengo wa zinthu zonse zimene zapangidwa m'dziko pa caka cimodzi pamodzi ndi nchito zonse zimene zagwiridwa: mkuwa wa ku migodi, cimanga ca alimi, shuga wa ku Mazabuka, simenti ya ku Chilanga, malonda a m'masitolo, maulendo a mabasi, nchito ya aphunzitsi ndi ya anamwino. Cimene cituluka amacicha GDP. Akacigawa pakati pa anthu onse a m'dziko, kuyambira khanda lobadwa dzulo kufikira nkhalamba yoyenda ndi ndodo, amapeza gawo la munthu mmodzi. Poika maiko m'magulu, World Bank imagwiritsa nchito ciwerengero cina cofanana naco, cimene cimacotsako phindu lopita kwa eni cuma akunja ndi kuonjezerapo zimene nzika zimapeza kunja. Malire a gulu la maiko osauka m'caka ca 2022 anali madola 1,085 pa munthu pa caka, ndipo Zambia anapelewera pang'ono cabe.

Kugawa kumeneku kumacitika pa pepala pokha. Tsono citsanzo naci. Pa nyumba ya maliro ku Chaisa pakhala amuna 10 ali kuotha moto usiku. Amuna 9 mwa iwo amapeza K1,000 pa mwezi aliyense. Wotsalayo ndi mbale wa malemu wocokera ku Kabulonga, ndipo amapeza K91,000. Ndalama zonse pamodzi ndi K100,000, motero gawo la munthu mmodzi pa moto umenewo ndi K10,000. Wa ku Kabulonga uja akatsazika nakwera galimoto yace, gawolo litsika kufika pa K1,000, cikhalireco palibe amene wabedwa kanthu. Masamuwo ngoona, koma sanena za m'thumba la munthu aliyense mwa amuna 9 aja.

Cenjezo limeneli si latsopano. Simon Kuznets, katswiri amene anakonza ciwerengero ca cuma ca dziko la America, anacenjeza nyumba ya malamulo ya dzikolo m'caka ca 1934 kuti ubwino wa umoyo wa mtundu wa anthu sungadziwike kweni-kweni poyang'ana ciwerengero cotere.

Zambia anaona yekha cimene mauwa atanthauza m'caka ca 2014. Ofesi ya Boma yoona za ziwerengero, imene panthawiyo inali kuchedwa Central Statistical Office, inakonzanso kawerengedwe kace, kusiya muyeso wakale wa 1994 ndi kutenga wa 2010. Pakutero inapeza kuti cuma ca dziko cinali cacikuru ndi magawo 25 pa 100 kuposa mmene anthu anali kuganizira. Nchitoyo inali yoyenera, pakuti malonda ambiri atsopano sanali kuwerengedwa mokwanira. Koma kunena mwa pepala, tsiku limenelo munthu aliyense wa ku Chaisa analemera ndi gawo limodzi mwa magawo anai, osalandira ngakhale ngwee imodzi.

KUMENE MKUWA UCOKERA

Cilema ca ciwerengeroci cimaonekera bwino pamene cigwiritsidwa nchito poyerekeza zigawo za dziko. Cigawo ca North-Western ndico citsanzo coyamba. Mgodi wa Kansanshi ku Solwezi unayambanso kutulutsa mkuwa m'caka ca 2005, wa Lumwana unatsatira mu 2008, ndipo pambuyo pace panabwera wa Sentinel ku Kalumbila. Pofika 2020 migodi itatuyi inali kutulutsa mkuwa woposa theka la mkuwa wonse wa m'dziko. Popeza anthu a cigawoci ngocepa, cuma cimeneci cikagawidwa pa munthu mmodzi cioneka cambiri ndithu.

Komabe kafukufuku wa Boma wa kakhalidwe ka mabanja wa m'caka ca 2015 anapeza kuti anthu 66 pa 100 alionse a ku North-Western anali osauka, pamene m'dziko lonse anali 54 pa 100. Cigawo cotulutsa cuma cambiri cinali ndi umphawi woposa wa dziko lonse.

Zifukwa zace nzodziwika. Migodi ya masiku ano imakumba ndi makina akuru-akuru ndipo imalemba anthu ocepa poyerekeza ndi mtengo wa mkuwa umene imatulutsa. Cigulitsire migodi kwa makampani, nchito imene inatha m'caka ca 2000, gawo lalikuru la phindu limapita kwa eni masheya okhala kunja. Misonkho imene migodi ipereka imalowa m'thumba la Boma ku Lusaka ndi kugawidwa ku dziko lonse. Mkuwa umalembedwa pa dzina la Solwezi cifukwa unakumbidwa kumeneko, koma mlimi wa cinangwa wa ku Mwinilunga kapena ku Zambezi sauona. Akuru anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

LUSAKA ALI PAWIRI

Ku Lusaka bvuto liri la mtundu wina. Cigawo ca Lusaka pamodzi ndi ca Copperbelt zimapanga cuma coposa theka la cuma conse ca dziko. Mabanki, maofesi a Boma, malikulu a makampani, mafakitale ndi masitolo akuru onse ali mu mzinda uno. Kafukufuku wa 2015 anapeza osauka 20 pa 100 m'cigawo ca Lusaka, ndipo wa 2022 anapeza 27 pa 100, ziwerengero zocepa kuposa za cigawo cina ciriconse. Munthu wowerenga zimenezi ali kutali angaganize kuti Lusaka yense ali pabwino.

Koma dzina lakuti Lusaka limaphimba mizinda iwiri yokhala pa nthaka imodzi. Kuli kumayadi, monga Kabulonga, Woodlands, Rhodes Park ndi Ibex Hill, ndipo kuli kumakomboni, monga Chaisa, Kanyama, Chawama, George, Kalingalinga ndi Mtendere. Kalembera wa 2022 anapeza anthu pafupi-fupi 2.2 miliyoni m'boma la Lusaka, ndipo a zomanga mizinda amati anthu 70 pa 100 alionse a mu mzindawu amakhala m'malo amene sanakonzedwe mwa pulani. Ndiye kuti ambiri ali kumakomboni, koma ndalama zimene zimakweza ciwerengero ca Lusaka ziri kwa ocepa aja.

Kugawikana kumeneku kunayamba pa nthawi ya atsamunda. Lusaka atasankhidwa kukhala likulu la Northern Rhodesia, anamangidwa ngati mzinda wa Azungu ndi anchito a Boma. Munthu wakuda anali kuonedwa ngati mlendo wodzagwira nchito amene adzabwerera kumudzi. Amene analibe nyumba za kwa owalemba nchito anamanga misasa pa mapulazi ndi pa malo a makontilakita ozungulira mzinda. Ufulu utabwera mu 1964, malamulo oletsa kuyenda anatha, anthu anakhamukira ku tauni, ndipo misasa ija inasanduka makomboni akuru.

M'caka ca 1974 Boma la Dr Kenneth Kaunda linasintha maganizo: m'malo mogwetsa makomboni, linabvomereza kuwakonza. Lamulo la caka cimeneco linalola kuti anthu a m'malo otere apatsidwe cikalata cokhalira pa malo ao kwa zaka 30, ndipo ndi ngongole ya World Bank nchito yoika mipope, miseu ndi sukulu inayamba ku George, ku Chawama, ndi ku dera la Garden, Chaisa ndi Chipata. Inali nchito yaikuru pa nthawi yace. Koma mipope imene inayesedwa pa anthu a m'zaka zimenezo inatsala m'mbuyo pamene anthu anacuruka, ndipo pa mapuloti amene panali nyumba imodzi panadzala midadada ya zipinda za lendi.

Anthu a ku Chaisa sali kunja kwa cuma ca Lusaka ai. Iwo ndiwo alonda a pa zipata za mafakitale, anchito a m'nyumba za ku Emmasdale ndi kumayadi ena, omanga nyumba, oyendetsa mabasi, ogulitsa salaula ndi ndiwo zamasamba. Thukuta lao liri m'kati mwa GDP ya Lusaka. Cimene sicioneka m'ciwerengeroco ndi kucepa kwa gawo limene libwerera nao kunyumba madzulo.

MTENGO WA UMOYO WA M'TAUNI

Masamu ena apafupi angathandize. M'caka ca 2023 gawo la munthu mmodzi m'Zambia linali madola opitirira pang'ono 1,300, ndipo dola imodzi inali kugulidwa pafupi-fupi K20. Kunena mwa pepala, banja la anthu 5 linali ndi cuma copitirira K10,000 pa mwezi.

Bungwe la Jesuit Centre for Theological Reflection limalengeza mwezi ndi mwezi mtengo wa zakudya ndi zofunika zina za banja la anthu 5. M'caka ca 2024 mtengo umenewu ku Lusaka unapitirira K10,000. Motero cuma ca dziko cikanakhala cogawidwa mofanana, banja lirilonse likanayandikira kukwanitsa zofunika zace. Koma kuyambira January 2024 malipiro ocepetsetsa a wanchito wa m'nyumba, monga mwa lamulo, anaikidwa pa K1,300 pa mwezi. Ngakhale anthu 5 onse a m'banjamo akanagwira nchito imeneyi, atate, amai ndi ana omwe, malipiro ao pamodzi akanakhala K6,500. M'caka comweco thumba la unga woyera la makilogalamu 25 linapitirira K300.

Nzoona kuti GDP yonse siingasanduke malipiro, pakuti ina imapita ku misonkho, ina ku makina ndi zomanga, ina ku phindu la eni makampani. Koma mpata umene uli pakati pa K10,000 wa pa pepala ndi K1,300 wa pa dzanja ndiwo nkhani yonse ya Chaisa.

Palinso cina cimene ciwerengero ca ndalama cimabisa. Banja la kumudzi ku Petauke kapena ku Lundazi lingakhale ndi ndalama zocepa kwambiri, koma m'caka ca mvula yabwino limadya cimanga ca m'nkhokwe mwace, limatola nkhuni, ndipo silipereka lendi. Ku Chaisa ciriconse ndi ndalama: cipinda, madzi, malasha, basi, ngakhale kutaya zinyalala. Kwacha ya ku Chaisa siifanana ndi kwacha ya kumudzi.

Ndiponso wosauka wa m'tauni amagula modula kuposa wolemera. Amene sangakwanitse thumba lathunthu la unga amagula timapaketi tating'ono tochedwa pamela pa kantemba, ndipo pakutha pa mwezi amakhala atalipira zambiri pa kilogalamu imodzi kuposa amene anagula thumba ku sitolo. Cimodzi-modzi mafuta ophikira oyeza pa kabotolo ndi malasha a m'kapulasitiki. Ndalama zikatha mwezi usanathe, amapita kwa a kaloba amene amafuna ciongoladzanja cacikuru, pamene wa kumayadi amabwereka ku banki. Zonsezi zimalowa m'ciwerengero ngati malonda, ndipo malonda akacuruka ciwerengero cimakwera.

ZIMENE KOLERA INAULULA

Palibe cimene cinaonetsa poyera kusiyana kwa Lusaka wa pa pepala ndi Lusaka weni-weni kuposa matenda a kolera. Mu October 2017 matendawa anabuka ku dera la Chipata, moyandikana ndi Chaisa, ndi ku Kanyama. Pofika May 2018 anthu oposa 5,000 a mu Lusaka anali atadwala, ndipo pafupi-fupi 100 anamwalira. Pulezidenti wa panthawiyo, Bambo Edgar Lungu, anatumiza asilikari kukayeretsa mzinda, malonda a m'miseu analetsedwa, ndipo mu January 2018 ku Kanyama kunabuka cipolowe cifukwa anthu analetsedwa kugulitsa zimene amadyerapo.

Mu October 2023 kolera inabweranso, ndipo ulendo uno inakula koposa. M'dziko lonse anthu oposa 20,000 anadwala ndipo oposa 700 anamwalira, ambiri a iwo a mu Lusaka. Sukulu zimene zinayenera kutsegulidwa mu January 2024 zinatsegulidwa pa 12 February. Bwalo la masewera la National Heroes, limene linatsegulidwa mu 2014 ndipo liri mtunda waufupi kucokera ku Chaisa, linasandutsidwa cipatala ca odwala kolera, monga mmene linacitira mu 2018. Cigawo cimene ciri ndi umphawi wocepa pa ziwerengero ndico cinaika maliro ambiri.

Cifukwa cace ciri pansi pa nthaka. Mbali yaikuru ya Lusaka inakhala pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu, ndipo madzi a pansi ali pafupi. Nyumba zambiri za kumakomboni sizinalumikizidwe ku mipope ya zonyansa, motero anthu amagwiritsa nchito zimbudzi zokumba, nthawi zambiri cimbudzi cimodzi mabanja angapo. Mvula ikagwa zimbudzi zimasefukira, ndipo zonyansa zimalowa m'zitsime zosaya zimene anthu amatungako pamene madzi a pa mpope asowa kapena ndalama zogulira zatha. Wa kumayadi ali ndi citsime cace cakuya ndi thanki pamwamba. Onse awiri amalembedwa kuti ndi anthu a Lusaka, ndipo pa pepala gawo lao la cuma ndi limodzi.

Comvetsa cisoni ncakuti GDP siisiyanitsa ndalama za cimwemwe ndi ndalama za misozi. Mankhwala ogulidwa pa mliri, mafuta a maambulansi, ngakhale mabokosi a maliro, zonse zimaonkhetsedwa ngati zopangidwa. Koma mai amene anakhala masiku ambiri ali kudwazika mwana, kuphika ndi kucapa, salembedwa pena paliponse, cifukwa nchito yace siilipidwa.

KODI CIWERENGEROCI NCACABE?

Kungakhale kulakwa kunena kuti ciwerengeroci ciribe nchito. Cimanena zoona zina zazikuru. Kafukufuku wa 2022 anapeza osauka 79 pa 100 kumidzi ndi 32 pa 100 m'matauni. Anthu amene amacoka ku Eastern, ku Luapula kapena ku Western kudzapanikizana m'cipinda cimodzi ku Chaisa sacita misala. Adziwa kuti kumene kuli cuma cambiri kulinso ganyu, cipatala capafupi, sukulu ya sekondale, ndi makasitomala a tomato. Dziko limene cuma cace sicikula silingathe kumanga mipope, ngakhale litafuna motani.

Koma mbiri ya Zambia iphunzitsa cinthu cimodzi cowawa: ciwerengeroci cikamakwera, ubwino wace umafika ku komboni mocedwa ngati kamba, koma cikamatsika, ululu wace umafika tsiku lomwelo.

Pa nthawi ya ufulu Zambia anali kuwerengedwa pakati pa maiko olemera a mu Africa cifukwa ca mkuwa, cikhalireco nzika zimene zinatsiriza maphunziro a yunivesiti zinali pafupi-fupi 100 zokha. Mtengo wa mkuwa utagwa m'caka ca 1975, oyamba kumva kuwawa anali a kumakomboni: mizere ya sopo, mafuta ndi unga inatalika. Mtengo wa unga utakwezedwa, zipolowe zinabuka ku Copperbelt mu December 1986 ndi ku Lusaka mu June 1990, ndipo anthu anafa.

Pakati pa 2004 ndi 2014 cuma ca dziko cinali kukula ndi magawo pafupi-fupi 7 pa 100 caka ndi caka, ndipo gawo la munthu mmodzi linafika pafupi ndi madola 1,800 mu 2013. Masitolo akuru anamera mbali zonse za mzinda. Koma umphawi unatsika pang'ono cabe, kucoka pa anthu 60 pa 100 mu 2010 kufika pa 54 mu 2015. Kenaka mkuwa unatsika mtengo, ngongole zinakula, kwacha inafooka, mliri wa Covid-19 unafika, ndipo mu November 2020 Zambia analephera kulipira ciongoladzanja ca ngongole yace ya Eurobond. Caka cimeneco gawo la munthu mmodzi silinafike madola 1,000. Pofika 2022 umphawi unabwerera pa 60 pa 100, ndipo m'matauni unakwera kucoka pa 23 kufika pa 32. Zimene zinapezedwa m'zaka zambiri zinatayika m'zaka zocepa.

Caka ca 2024 cinaonjezera phunziro lina. Pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anacepa, ndipo m'miyezi ina magetsi anali kuzima maola oposa 20 pa tsiku. Wowocherera zitsulo, wometa tsitsi ndi mai wogulitsa nkhuku za m'firiji ku Chaisa anakhala manja lende, pamene makampani akuru anayatsa majenereta. Koma pakutha pa caka mabuku anaonetsa kuti cuma ca dziko cinakula ndi magawo pafupi-fupi 4 pa 100, mothandizidwa ndi migodi ndi nchito zina. Zonse ziwiri zinali zoona: dziko linakula, ndipo kantemba kanatsekedwa.

CIFUKWA CACE NKHANIYI NJOFUNIKA

Wina angafunse kuti munthu wa ku Chaisa abvutikirenji ndi masamu a akatswiri. Yankho nlakuti ziwerengero ndizo zimatsogolera ndalama. Gulu limene dziko liikidwamo limakhudza maganizo a obwereketsa ndi opereka thandizo. M'kati mwa dziko, mapu a umphawi akaonetsa Lusaka ali bwino, maso a okonza mapulani ndi a mabungwe othandiza amayang'ana kwina. Kumidzi kulidi umphawi waukuru ndipo kuyenera kuthandizidwa. Koma anthu 27 pa 100 a cigawo ca anthu oposa 3 miliyoni ndi anthu oposa 800,000, khamu loposa anthu a maboma ambiri a kumidzi.

Thumba la citukuko ca madera a aphungu, lodziwika kuti CDF, liperekanso citsanzo. M'caka ca 2022 Boma linakweza thumbali kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lirilonse mwa madera 156 a panthawiyo, ndipo linapitiriza kulikweza m'zaka zotsatira. Inali nchito yotamandika, ndipo yamanga makalasi, zipatala zazing'ono ndi kugula madesiki. Koma ndalamazo zinali zofanana pa dera lirilonse. Dera la Mandevu, m'mene Chaisa anali kuwerengedwa, linali ndi anthu oposa 400,000 pa kalembera wa 2022, motero gawo la munthu mmodzi silinafike K65. Dera la anthu 50,000 linapeza K514 pa munthu. Madera a kumidzi ali ndi zobvuta zao za mitunda itali-itali, ndipo palibe amene anganene kuti alandidwe. Koma cimbudzi, mpope ndi desiki zimafunika monga mwa kucuruka kwa anthu, ndipo kagawidwe kosayang'ana zimenezi kamalanga makomboni.

COYENERA KUCITIKA

Njira zina zoyesera citukuko ziripo kale. M'caka ca 1990 bungwe la United Nations loona za citukuko, motsogozedwa ndi Mahbub ul Haq wa ku Pakistan ndi Amartya Sen wa ku India, linayamba kuyesa maiko poyang'ana zinthu zitatu: kutalika kwa moyo, maphunziro ndi ndalama. Kuno kwao, Zambia Statistics Agency, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2018, ili ndi kafukufuku wa kakhalidwe ka mabanja ndi kalembera wa anthu amene amafika pa khomo lirilonse nafunsa za madzi, cimbudzi, cophikira ndi sukulu. Cosowa si nzeru ai, koma kutsitsa ziwerengerozo kufika pamene anthu akhala.

Coyamba, ziwerengero za umoyo zizilengezedwa wodi ndi wodi, kuti Chaisa aoneke payekha osabisika kumbuyo kwa Kabulonga, ndipo zizimasuliridwa m'zinenero za anthu kuti khansala ndi komiti ya citukuko ca wodi azigwiritse nchito pa misonkhano.

Caciwiri, kafukufuku wa mabanja azicitika kawiri-kawiri. Pakati pa 2015 ndi 2022 panapita zaka 7, ndipo m'zaka zimenezo umphawi wa m'matauni unakula popanda ciwerengero ca Boma cocenjeza, pamene GDP imalengezedwa miyezi itatu iriyonse.

Cacitatu, pambali pa gawo la munthu mmodzi pazilengezedwanso zimene banja lapakati limapeza, ndiko kuti banja limene theka la mabanja liri pamwamba pace ndipo theka liri pansi. Pa moto wa maliro uja, ciwerengero cimeneci cikanakhala K1,000, ndipo cikananena zoona za amuna 9.

Cacinai, pogawa ndalama za citukuko ca madera, kucuruka kwa anthu, kuthithikana kwa nyumba ndi mbiri ya matenda ziziwerengedwa pamodzi ndi kukula kwa malo.

Boma lalengeza colinga cakuti dziko lizitulutsa matani 3 miliyoni a mkuwa pa caka pofika 2031, kucoka pa matani oposa 800,000 a m'caka ca 2024. Colingaci cikakwaniritsidwa, gawo la munthu mmodzi lidzakwera, ndipo nkhaniyo idzalengezedwa ndi cimwemwe coyenera. Tsiku limenelo anthu a ku Chaisa adzakhala ndi mafunso ao: kodi madzi atuluka pa mpope maola angati, kodi mabanja angati agwiritsa nchito cimbudzi cimodzi, kodi malipiro a mlonda agula matumba angati a unga, ndipo kodi mvula ikagwa ana apita kusukulu kapena ku bwalo la Heroes. Mayankho a mafunso amenewa ndiwo adzaonetsa ngati mkuwa wa ku Solwezi wafika ku Chaisa.